Momwe mungameretsere ndi kusamalira mtengo wa rowan kudziko lozizira

Munthu wochokera kwathu akafika ku Scotland kapena kumpoto kwa England m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, pa mitengo yonse ya m'mbali mwa misewu umene umayamba kumukopa maso ndi wina wosatalika kwenikweni, wa khungwa losalala lotuwa, umene nthambi zake zimakhala zitawerama ndi matsango a tizipatso tofiira kuti psu. Eni dziko amautcha rowan, ndipo ena amautcha mountain ash. Ine ndakhala ndikuufesa ndi kuusamalira kwa zaka zingapo pa kamunda kakuseri kwa nyumba imene ndimakhala, ndipo zimene zili panozi ndalembera makamaka abale amene akukhala m'mayiko ozizira, amene akufuna mtengo woti ukwane pabwalo laling'ono, ubweretse mbalame, komanso upereke kanthu kophika. Mtengowu umatha zonsezi, koma umafuna kuti woudzala ayambe wasiya chizolowezi chimodzi chimene tonsefe tinakula nacho.

Kwathu tinazolowera kuti mbewu imadikira mvula. Chimanga, mtedza, ngakhale nthangala ya masuku yotayidwa kudzala, zikangolandira chinyontho ndi kutentha zimamera pasanapite nthawi yaitali. Njere ya rowan siyendera lamulo limeneli. Imagwa pansi nyengo yozizira ili pafupi kuyamba, ndipo ikanati imere pomwepo, kambande kake kanthete kakanaferatu ndi chisanu cha Disembala. N'chifukwa chake imagona tulo tofa nato mpaka itamva kuzizira kwa miyezi itatu kapena inayi motsatizana. Chaka choyamba ndinafesa njere zanga m'kachitini, n'kukaika pawindo la kukhitchini pamene pamafunda, ndipo ndinathirira mosadumphitsa kwa miyezi itatu osaona ngakhale kansonga kamodzi kobiriwira. Zinandiwawa kwambiri nditadziwa kuti njerezo zinalibe vuto lililonse, koma kuti ndinazimana chisanu chimene zinkafuna. Pafupifupi chilichonse chimene ndifotokoze pansipa chikuchokera pa mfundo imeneyi.

Yambani mwatsimikiza mtengo umene muli nawo

Dzina lakuti mountain ash limasokoneza, chifukwa limatchulidwira mitengo imene si pachibale n'komwe. Rowan wa ku Ulaya, amene akatswiri a zomera amamutcha Sorbus aucuparia, ali m'banja limodzi ndi maapozi, mapichesi ndi maluwa a rozi. Anthu anaupatsa dzina la mountain ash, kutanthauza ash wa kumapiri, chifukwa masamba ake amafanana ndi a mtengo wa ash weniweni, Fraxinus excelsior, umene uli m'banja la azitona, ndiponso chifukwa rowan amamera pamwamba pa mapiri a ku Scotland pamene mitengo ina yambiri imalephera. Kuisiyanitsa n'kosavuta mukayang'anitsitsa kanthambi kamodzi. Pa ash masamba amatuluka awiriawiri moyang'anizana, timphukira take ta m'nyengo yozizira n'takuda bii ngati makala, ndipo mbewu zake zimalendewera zili ndi phiko louma. Pa rowan masamba amatuluka mosinthana, ili kumanja, linalo kumtunda kwake kumanzere, timasamba take tating'ono tili ndi mano ngati a sowo m'mbali mwake, ndipo timphukira take n'totuwa mofiirira, ta tiubweya. Kusiyana kumeneku kuli ndi phindu lake, pakuti matenda a ash dieback, amene anapezeka koyamba ku Britain mu 2012 ndipo apha mitengo yambirimbiri ya ash, sagwira rowan. Ndaonapo anthu akukana mbande yabwino poopa matenda amene sakanaikhudza.

Mukamaitanitsa njere kapena mbande pa intaneti, chenjerani kwambiri. Ku North America kuli Sorbus americana, amene ndi m'bale weniweni wa rowan ndipo amasamalidwa pafupifupi chimodzimodzi. Koma ku Australia, m'chigawo cha Victoria, dzina lomwelo la mountain ash limatanthauza Eucalyptus regnans, umene ndi mtundu wa bulugamu, m'bale wa bulugamu yemweyu amene tinadzala ponseponse kwathu. Umenewu ndi umodzi mwa mitengo yaitali kwambiri padziko lonse, ndipo wina wa ku Tasmania wotchedwa Centurion unayezedwa n'kupezeka kuti wafika pafupifupi mamita 100. Aliyense amene anaonapo mmene bulugamu amaumitsira dimba akhoza kudziwa chimene chingachitike mtengo wotere utadzalidwa kuseri kwa nyumba ya m'tauni. Musagule chilichonse ngati pachikwangwani chake sanalembe dzina la Chilatini loyamba ndi mawu akuti Sorbus.

Pali chizindikiro china chimene ndimaphunzitsa ana asanagwire chipatso chilichonse chofiira. Tengani kachipatso kamodzi ka rowan, kamene kukula kwake n'kofanana ndi nsawawa yaing'ono, ndipo mukatembenuze. Kunsi kwake, mbali yotalikirana ndi phesi, muona kanyenyezi kakuda ka nsonga zisanu, kamene ndi kotsalira ka duwa. Mukakang'amba ndi chikhadabo mupeza mnofu wachikasu ndi tinjere tochepa tatitali, kawirikawiri tiwiri kapena titatu. Kanyenyeziko pakokha sikokwanira, chifukwa zitsamba zina za m'mipanda monga cotoneaster zilinso nako. Muyenera kuona kanyenyezi, tsango ndi tsamba lamanomano pa mtengo umodzi. Mtengo woopsa kwambiri umene umaberekanso zofiira nthawi yomweyo ndi yew, umene umapezeka kawirikawiri kumanda a matchalitchi akale. Masamba ake ndi opyapyala ngati a paini, sayoyoka, ndipo njere yake ili ndi poizoni wakupha.

Kuthyola zipatso ndi kuchotsa njere

Thyolani zipatso zikafiira bwinobwino koma zisanayambe kufota, ndipo kumadera ambiri a Britain nthawi imeneyi imakhala kumapeto kwa Ogasiti mpaka Seputembala. Musazengereze, chifukwa mbalame zikangouzindikira mtengo zimatha kuumaliza pa masiku owerengeka. Dulani tsango lonse ndi sizasi m'malo mokoka, kuti musathyole kamphukira kamene kadzatulutse maluwa chaka chamawa. Ngati cholinga chanu ndi kufesa, tengani pang'onopang'ono pa mitengo ingapo yathanzi ya m'tchire kapena ya m'mbali mwa phiri, osati pa mtengo umodzi wa m'tauni. Mitengo yambiri ya m'misewu ndi yosankhidwa ndi alimi a mbande ndipo ndi yomezanitsa, monga timachitira ndi mango, choncho njere yake sibereka mwana wofanana ndi kholo. Malamulo a ku Britain amalola munthu kuthyola zipatso zam'tchire zoti akadye kwawo, osati zogulitsa, koma lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuzula chomera cham'tchire popanda chilolezo cha mwini malo. Mukaona kambande kokongola m'nkhalango, kasiyeni pomwepo.

Njere iyenera kusiyana ndi mnofu wake, pakuti mnofuwo uli ndi zinthu zimene zimailetsa kumera. M'tchire ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mbalame, zimene zimameza chipatso chathunthu n'kukataya njere yoyera kutali ndi kholo lake. Dzina lakuti aucuparia linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kugwira mbalame, chifukwa alenje akale a ku Ulaya ankaika tizipatsoti pa misampha ngati nyambo, monga anyamata akwathu amatchera ulimbo pamene mbalame zimakonda kutera. Inu muchite chonchi: ikani zipatso m'beseni, muzitswanye ndi chipande kapena ndi manja mutavala magolovesi, koma mosasinja kuti njere zisasweke, kenaka muthire madzi ambiri ndi kuvundula. Makoko, mnofu ndi njere zopanda kanthu zimayandama, pamene njere zabwino zimamira pansi. Tsanulani zoyandamazo, mubwereze kangapo mpaka madzi atayera, ndipo mutsala ndi kamulu ka tinjere tofiirira tosadzaza ngakhale supuni. Musaziyanike padzuwa kapena pa chotenthetsera m'nyumba monga timayanikira mbewu ya chimanga, chifukwa njere ikauma kwambiri tulo take timakula.

Kuipatsa njere chisanu chake

Sakanizani mchenga wokhakhala ndi kompositi muyezo wofanana, ndipo muthiremo madzi pang'ono mpaka pamene mukafinya m'dzanja pakutuluka dontho limodzi kapena awiri okha. Pakatuluka madzi ambiri njere zidzaola, ndipo pakapanda kutuluka kalikonse kuzizira sikudzagwira ntchito, popeza njere youma simva chisanu. Sakanizani njere zanu m'menemo.

Kuchokera apa pali njira ziwiri, ndipo ine ndimakonda yoyamba chifukwa siichulutsa ntchito. Ikani zosakanizazo mumphika wa maluwa woboola pansi, mulembepo dzina ndi tsiku, ndipo muuike panja pamthunzi, makamaka kumbali ya nyumba yoyang'ana kumpoto kumene dzuwa silifika. Pamwamba pake mangani waya wa timaenje tating'ono kwambiri. Chaka china sindinamange wayayu, ndipo m'mwezi wa Januwale ndinapeza mbewa zitakumba mphika wonse, pamwamba patangotsala timakoko ta njere tong'ambika pakati. Mphikawo uusiyeni panja nyengo yonse yozizira, mvula ndi chipale chofewa zigwerepo mmene zingagwere, ndipo muzingoonetsetsa kuti sunaume ndiponso sunakhale m'chithaphwi.

Njira yachiwiri ndi ya firiji, yoyenera amene akukhala m'nyumba zosanja zopanda bwalo kapena kumadera amene kuzizira kwake n'kosadalirika. Ikani zosakanizazo m'kajumbo ka pulasitiki, mukamange mosathina, ndipo mukasunge m'chipinda chofunda bwino kwa masabata awiri kapena anayi, kutsanzira masiku otsiriza a nyengo yotentha pamene chipatso chimagwa. Kenaka mukaike m'firiji, m'kabati ya ndiwo zamasamba mmene mumazizira pafupifupi madigiri 4, kwa masabata 14 mpaka 16. Musakaike m'chipinda choumitsa ayezi, pakuti njere imasintha m'kati mwake ikakhala pozizira koma madzi ake asanaundane. Sabata iliyonse tsegulani kajumboko kuti mulowe mpweya, mugwedeze pang'ono, ndipo muchotse njere iliyonse imene yachita nkhungu. Mukayamba kumayambiriro kwa Novembala, mudzakhala okonzeka kufesa m'mwezi wa Malichi.

Apa ndiyankhe funso limene abale amandifunsa kawirikawiri, lakuti kodi sangatenge njere zochepa popita kumudzi. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Firiji ikhoza kumeretsa njere, koma mtengo waukulu umafunanso nyengo yaitali yozizira chaka chilichonse kuti upume ndi kuchita maluwa bwino, ndipo sugwirizana ndi dzuwa lotentha ndi chilala. Ngakhale ku Nyika kapena ku Dedza, kumene chisanu chimagwa usiku m'miyezi ya Juni ndi Julayi, masana dzuwa limawomba ndipo kuzizira sikukhalitsa monga kuno. Kuwonjezera apo, kudutsa malire a mayiko ndi njere kapena mbande kumafuna chilolezo cha a zaulimi, ndipo pali chifukwa chomveka: ku New Zealand, kumene nyengo inaukomera, rowan wobwera ndi atsamunda anafalitsidwa ndi mbalame mpaka kusanduka chomera chovutitsa m'madera ena.

Kufesa ndi kulera mbande

Kuyambira mu Febuluwale muziyang'ana njere zanu sabata iliyonse. Mukaona kuti imodzi pa khumi iliyonse yang'ambika n'kutulutsa kamuzu koyera, nthawi yofesa yakwana, ndipo musadikire kuti timizuto titalike chifukwa timathyoka msanga. Dzazani timiphika kapena thireyi ndi dothi lofewa la nazale, muyale njere motalikirana pang'ono, ndipo mukwirire ndi mchenga wosapitirira theka la sentimita. Ikani panja pamalo owala koma osawomba dzuwa la masana. Choyamba kutuluka ndi timasamba tiwiri tosalala tosafanana n'komwe ndi rowan, ndipo ambiri amatizula poyesa udzu. Dikirani, pakuti lotsatira limabwera logawikana, ndipo patsogolo pake mudzaona tsamba lamanomano limene mukulidziwa. Mdani wamkulu pa msinkhu umenewu ndi nkhono zopanda chigoba, zimene zimatha kumweta thireyi yonse usiku umodzi, choncho ikani mbande pamalo okwera ndipo madzulo muziyendera ndi tochi.

Masamba enieni awiri kapena atatu akatuluka, okerani mbande iliyonse mumphika wakewake, mukuigwira patsamba osati pathunthu, popeza tsamba likang'ambika limaphuka lina koma thunthu likaphwanyika mbande yatha. Mphika woyamba uja musautaye ngakhale utaoneka kuti zomera zatha, chifukwa njere zina zimadikira nyengo yozizira yachiwiri. Mbande ilereni chaka chimodzi kapena ziwiri mpaka itafika masentimita 40 kapena 60, mukuithirira m'nyengo yotentha ndi kuisamutsira mumphika wokulirapo mizu ikayamba kutulukira pansi.

Ndinene mosabisa kuti mtengo wofesa kuchokera ku njere umatenga zaka pafupifupi khumi, mwinanso kuposerapo, usanabereke zipatso zooneka. Amene akukhala m'nyumba ya lendi kapena amene msinkhu wawo wapita angachite bwino kugula mbande yokulirapo ku nazale. Ngati mukufuna zipatso zophika, funsani mtundu wotchedwa Edulis, umene unapezeka ku Moravia, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo zipatso zake n'zokulirapo komanso zosawawa kwambiri. Ngati malo ndi opanikizika, Sheerwater Seedling umakula choimirira osatambasula nthambi. Pali wina wa zipatso zachikasu wotchedwa Joseph Rock, wokongola zedi masamba ake akamafiira, koma umagwidwa msanga ndi matenda amene nditchule kutsogoloku, ndipo sindingaupereke kwa munthu amene akuyamba kumene.

Kuudzala pamalo pake

Nthawi yodzala ndi kuyambira Novembala mpaka Malichi, mtengo utayoyola masamba, bola nthaka isakhale youndana ndi chisanu kapena yodzaza madzi. Kwa ife amene tinazolowera kudzala mitengo mvula ikagwa ndi kutentha kuli m'kati, kukumba dzenje manja akuuma ndi mphepo kumaoneka ngati kulakwitsa, koma ndi nthawi imene mtengo wagona ndipo sumva kusamutsidwa. Rowan safuna nthaka yachonde; amamera pamiyala, pamchenga ndi m'mbali mwa misewu ya utsi. Chimene amadana nacho ndi dothi la makande losunga madzi, komanso dothi losaya la pamwamba pa choko limene limauma msanga. Sankhani malo a dzuwa kapena a mthunzi wochepa, ndipo popeza mtengowu ukakhwima umatha kufika mamita 10 mpaka 15 ndi kukhala zaka zoposa 100, utalikitseni mamita angapo kuchokera ku khoma ndi ku mpanda wa anansi. Kumbukiraninso kuti zipatso zakugwa zimaterera ndi kudetsa, choncho pakhomo penipeni kapena poimika galimoto si pabwino.

Kumbani dzenje lotambalala kawiri kuposa mizu, koma losazama kuposa mmene mbande inalili kunazale. Pathunthu pamakhala mzere woonetsa pamene dothi linkalekezera, ndipo mzere umenewo uyenera kulingana ndi nthaka; mitengo yambiri imene imafa pang'onopang'ono popanda chifukwa chooneka imakhala kuti inakwiriridwa mozama. Mbande yogula yopanda dothi kumizu muiviike m'ndowa ya madzi kwa ola limodzi, ndipo mizu isakhale pamphepo ngakhale kwa mphindi zochepa. Bwezerani dothi lomwelo limene munakumba, osadzaza manyowa m'dzenje, mupondeponde ndi chidendene mosalimbitsa kwambiri, ndipo muthire ndowa yathunthu ya madzi. Mbande yaitali imafuna chikhomo chachifupi chomangira m'munsi kuti mizu isagwedezeke pamene nsonga ikuvina ndi mphepo, ndipo chikhomocho chichotsedwe pakatha zaka ziwiri chingwe chisanalowe m'khungwa. Phimbirani pansi ndi makungwa ophwanya kapena masamba owola, koma zisakhudze thunthu. Mizu ya rowan siipita pansi kwambiri, choncho zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira muzithira ndowa imodzi kapena ziwiri pa sabata kukakhala ng'amba, ndipo musalole udzu kumera pafupi ndi tsinde.

Ngati muli kumudzi kapena pafupi ndi tchire, tchingirani mbande ndi chubu cha pulasitiki kapena waya, pakuti agwape, nkhosa ndi akalulu amakonda rowan kuposa mitengo yambiri. Amene anayendapo pa msewu wa A82 kudutsa dera la Rannoch Moor ku Scotland anaona rowan wina amene anamera yekhayekha mumng'alu wa chimwala chachikulu, pakati pa chipululu chopanda mtengo. Anapulumuka chifukwa pakamwa pa nyama sipafika pamenepo. M'chigwa cha Carrifran, kumwera kwa Scotland, munatsala rowan mmodzi wokakamira m'mbali mwa kamtsinje pamene ziweto zinali zitadya mphukira zonse kwa zaka mazanamazana. Anthu atatchinga chigwacho n'kuyamba kudzalamo mitengo m'chaka cha 2000, nkhalango inabwerera momuzungulira, ndipo mu 2020 mtengowo unasankhidwa kukhala mtengo wa chaka wa Scotland.

Kudulira sikufunika kwenikweni. M'nyengo yozizira chotsani nthambi zouma, zokhulana, ndi mphukira zotuluka patsinde, basi. Matenda oyenera kuwadziwa ndi fireblight, amene amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Erwinia amylovora ndipo amagwiranso maapozi. Maluwa ndi masamba zimada ngati zawauka ndi moto koma osayoyoka, ndipo nsonga ya nthambi imapindika ngati chogwirira cha ambulera. Mukasenda khungwa pang'ono muona m'kati mofiirira. Dulani nthambiyo masentimita 30 kupitirira pamene pathera kufiirirako, kapena 60 ngati nthambi ndi yaikulu, mupukute chodulira ndi mankhwala opha tizilombo mukadula paliponse, ndipo zodulazo muziotche kapena kuzitaya kutali, osaziika pa kompositi.

Mukapeza rowan wamkulu pachipata cha nyumba imene mwagula, musathamangire nkhwangwa. Ku Scotland, Ireland ndi Wales anthu akale ankadzala mtengowu pakhomo pokhulupirira kuti umatchinga afiti, ndipo ankamanga timitengo take ndi ulusi wofiira n'kupachika pakhola, zimene ife odziwa za kutsirika mudzi sitingadabwe nazo. Mpaka lero alipo achikulire amene sangalole kuudula, ndipo mukhoza kukhumudwitsa anansi musanadziwane nawo. Komanso mitengo ina imakhala yotetezedwa ndi khonsolo, choncho funsani kaye.

Kuphika zipatso zake

Zipatso za rowan sizidyedwa zaziwisi. N'zowawa mokwinyitsa nkhope, ndipo zili ndi asidi wotchedwa parasorbic amene amapweteketsa m'mimba ndi kusanzitsa munthu akadya zambiri. Kuphika kumasintha asidiyu kukhala sorbic, amene savulaza. Katswiri wa ku Germany, August Wilhelm von Hofmann, ndiye anayamba kupeza asidi wa sorbic kuchokera ku zipatso zomwezi mu 1859, ndipo lero asidiyu, amene tsopano amapangidwa m'mafakitale, amathiridwa m'zakudya zambiri za m'sitolo kuti zisachite nkhungu. Chisanu nachonso chimachepetsa kuwawa, n'chifukwa chake anthu a kumpoto kwa Ulaya amakonda kuthyola chisanu choyamba chitagwa. Kuno mbalame sizidikira mpaka nthawi imeneyo, choncho ine ndimathyola mu Seputembala, n'kuchotsa mapesi, kutsuka, ndi kuumitsa zipatsozo m'chipinda cha ayezi cha firiji kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Chimene anthu amapanga kwambiri ndi jamu wosefa, wowala ngati galasi lofiira, amene eni ake amamutcha rowan jelly. Tengani kilogalamu imodzi ya zipatso za rowan ndi kilogalamu imodzi ya maapozi owawasa, kaya am'tchire kaya ophikira a mtundu wa Bramley. Maapoziwo muwaduledule osasenda ndiponso osachotsa pakati, chifukwa m'makoko ndi m'kati mwake ndi mmene muli zimene zimalimbitsa jamu. Ikani zonse mumpoto waukulu, muthire madzi ongokwanira kumiza, ndipo muphike pamoto wochepa kwa mphindi 40 kapena ola limodzi mpaka zitafeweratu, mukuzikanya ndi mthiko. Kenaka tsanulirani m'nsalu yoyera yopyapyala, muimange ngati kathumba, ndipo muipachike pamwamba pa mbale yaikulu kuti idonthe usiku wonse. Mtima udzafuna kufinya kathumbako kuti madzi achuluke, koma mukafinya jamu amachita mbuu ndipo kuwawa kumawonjezeka. Nsaluyo imagwiranso njere, zimene siziyenera kudyedwa.

M'mawa yezani madziwo, ndipo pa mamililita 600 alionse muthire magalamu 450 a shuga. Tenthetsani pang'onopang'ono mukuvundula mpaka shuga yense atasungunuka, kenaka muwonjezere moto kuti abwate mwamphamvu, mukuchotsa thovu la pamwamba. Pakatha mphindi 10 yambani kuyesa: donthezani pang'ono pa kambale kozizira kochokera m'firiji, mudikire mphindi imodzi, ndipo mukankhe ndi chala. Pamwamba pakachita makwinya ndiye kuti wapsa. Amene ali ndi choyezera kutentha aone madigiri 105. Thirani akadali wotentha m'mabotolo otsuka bwino amene mwawatenthetsa mu uvuni, mutseke nthawi yomweyo, ndipo mulembepo mwezi ndi chaka. Musamulawe tsiku lomwelo n'kugamula kuti walephereka, pakuti kuwawa kwake kumakhazikika pakapita masabata angapo. Ngakhale atakhalitsa samakoma ngati jamu wopaka pabuledi wa ana. Amatsekemera kutsogolo n'kusiya kakuwawa kumapeto kwa lilime, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Scotland amadyera nyama ya gwape kapena ya nkhosa. Ine ndinapeza kuti supuni imodzi pambali pa nyama ya mbuzi yootcha imadula mafuta bwino kwambiri.

Pothyola zophika, tengani matsango a m'munsi okha amene dzanja likufika mutaima pansi, ndipo musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mtengo wabereka. Zam'mwambazo zimadyetsa mbalame za blackbird ndi mistle thrush, komanso redwing ndi fieldfare zimene zimaoloka nyanja kuchokera ku Scandinavia mu Okutobala. Zaka zimene zipatso zasowa kwawoko kumabweranso gulu la waxwing, mbalame za kachisumbu pamutu ndi nsonga yachikasu kumchira, zimene zimatera pa rowan wa m'tauni mosaopa anthu. Mitengo ya rowan sibereka mofanana chaka ndi chaka, choncho chaka chimene wabereka pang'ono musathyole kalikonse, ndipo chaka chimene nthambi zalemedwa muumitse zipatso zokwanira kuphika kawiri, chifukwa m'chipinda cha ayezi zimasungika bwino mpaka nyengo yotsatira.